Mafunso ndi mayankho: kukonza kiti ya Lancaster kuti ifanane ndi ndege yeniyeni

Kumata zidutswa za pulasitiki motsatira kapepala ka m'bokosi kumakupatsani kandege. Kuti kandegeko kafanane ndi ndege yomwe inaulukadi, pamafunika ntchito ina yomwe kapepalako sikanena. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza Avro Lancaster, ndege yoponya mabomba ya injini zinayi yomwe asilikali a RAF a ku Britain anagwiritsa ntchito pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndalemba poganizira sikelo ya 1/72, kutanthauza kandege kochepa ka 72 poyerekeza ndi yeniyeni, chifukwa ndi yomwe ambiri amakwanitsa kugula ndi kupeza poiika m'nyumba.

Ndatsegula bokosi. Ndiyambire pati?

Guluu ayambe wadikira. Choyamba sankhani ndege imodzi: nambala yake, gulu lomwe inali, ndi mwezi womwe mukufuna kuionetsa. Ndege za Lancaster zinapangidwa zokwana 7,377, m'mafakitale angapo a ku Britain ndi imodzi ya ku Canada, ndipo kuyambira pa 9 Januwale 1941 pamene yoyamba inauluka, zinthu zinkangosinthidwabe. Ya mu 1942 ndi ya mu 1945 zimafanana mukaziona patali, koma mphuno, mazenera, mapulopela, zilembo ndi mfuti zakumchira zimasiyana. Ndege imodzi yomweyonso inkasintha. Ikawonongeka ankaiika zida zina, ikasamukira ku gulu lina ankafufuta zilembo n'kulemba zatsopano.

N'chifukwa chake opanga makiti amaika m'bokosi zidutswa zoposa zomwe mungagwiritse ntchito: mitundu iwiri ya mapulopela, magalasi awiri apamphuno, ndi zina. Amene sanasankhe ndege amangotola chomwe chamukongolera, ndipo amamaliza ndi ndege yomwe sinakhaleko. Ine ndimalemba nambala ndi deti pakapepala n'kukamata pabokosi, ndipo ndikakayika kanthu ndimabwerera pamenepo.

Mungapereke chitsanzo cha kusankha kotereku?

Tengani R5508, ya zilembo KM-B, ya gulu la 44 Squadron lomwe linkakhala ku Waddington m'chigawo cha Lincolnshire. Gululi linali ndi dzina loti Rhodesia chifukwa cha thandizo lochokera ku Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo ndilo linayamba kulandira Lancaster. Pa 17 Epulo 1942 ndege 12, theka za 44 Squadron ndi theka za 97 Squadron, zinauluka masana chapansipansi kukaphulitsa fakitale ya MAN ku Augsburg, ku Germany, komwe ankapanga injini za sitima zoyenda pansi pa madzi. Zisanu ndi ziwiri sizinabwerere. Mwa ndege za 44 Squadron inabwerera ndi KM-B yokha, ndipo woiyendetsa, John Nettleton, wobadwira ku Nongoma ku South Africa, anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross.

Mukangonena kuti "KM-B, Epulo 1942", mayankho ambiri amabwera okha. Mapulopela akhale owonda aja. Galasi lapamphuno la woponya mabomba likhale losatuluka kwambiri. M'mbali mwa thupi muoneke mzere wa timazenera. Pansi pasakhale chotupa cha radar ya H2S, chifukwa radar imeneyo inayamba ntchito mu 1943. Zilembo zikhale zotuwa, osati zofiira. Chizindikiro chozungulira cha m'mbali chikhale chakale, cha mizere yoyera ndi yachikasu yaikulu. Zonsezi zachokera pa nambala imodzi ndi deti limodzi.

Kodi B.I, B.II ndi B.III zimasiyana pati?

B.I inali ndi injini za Merlin zopangidwa ndi Rolls-Royce ku Britain. B.III inali ndi Merlin zomwezo koma zopangidwa ndi Packard ku America. Kunja simungazisiyanitse, ndipo kiti imodzi imatha kutulutsa zonse ziwiri. Musakhulupirire zoti mapulopela otambalala ndi a B.III okha; zimenezo zimadalira nthawi ndi ndegeyo, choncho onani chithunzi.

B.II ndi nkhani ina. Inali ndi injini zozungulira za Bristol Hercules, zozizira ndi mphepo, ndipo zinapangidwa pafupifupi 300 ndi kampani ya Armstrong Whitworth. Imafuna kiti yakeyake, monga yomwe Airfix inatulutsa mu 2013. B.X ndi ya ku Canada, yopangidwa ndi Victory Aircraft ku Malton, ndipo zinalipo 430.

Ndingadziwe bwanji ngati kiti ili ndi kukula koyenera?

Ndi masamu a ku pulayimale. Kuchokera kunsonga ya phiko lina kukafika kunsonga ya linzake, Lancaster inali mamita 31.09, ndipo thupi lake linali lopitirira pang'ono mamita 21. Mukagawa ndi 72 mupeza masentimita 43.2 a mapiko ndi pafupifupi 29.4 a thupi. Pa 1/48 mapiko amafika pafupifupi masentimita 65. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri musavutike nako, palibe diso lingakuone.

Masamu omwewo muwatembenuze, ndipo adzakuphunzitsani zambiri. Kamzere ka 0.3 mm pa pulasitiki kakuimira mpata woposa masentimita awiri pandege yeniyeni, mpata woti chala n'kulowamo. Chitseko chokhuthala milimita imodzi chikuimira chitseko cha masentimita 7. Chilichonse chomwe mukuchikayikira, chulukitsani ndi 72 n'kudzifunsa ngati ndege ingauluke nacho.

Ndi cholakwika chiti chomwe chimaonekera patali?

Kakhalidwe ka mapiko. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa anthu amathera milungu pa timipando ta mkati, n'kusiya chinthu chomwe aliyense achiona akangolowa pakhomo. Mukaiyang'ana chakutsogolo, gawo lapakati la phiko la Lancaster, kuchokera pathupi kukafika pa injini yamkati, n'logona bwinobwino. Kuchokera pamenepo phiko limakwera ndi madigiri pafupifupi 7 mpaka kunsonga. Likakhala logona lonse, ndege imaoneka yofooka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Ambiri omanga makiti amadandaula kuti kiti ya Revell ya 1/72 ili ndi mapiko osakwera mokwanira, ngakhale ili ndi zabwino zina zambiri mkati mwake.

Kukonza kwake sikovuta, kumangofuna mtima wodekha. Jambulani ngodya yoyenera pakatoni kolimba n'kudula kuti kakhale choyezera. Chekani phiko chapansi ndi kasowo kopyapyala, pafupi ndi injini yamkati chakunja kwake, osadula mpaka pamwamba. Pindani pang'onopang'ono mpaka ligwirizane ndi katoni kaja, lowetsani kachidutswa ka pulasitiki mumpata womwe watseguka, thirani guluu, ndipo musalikhudze mpaka mawa. Kenako palani ndi sandipepa n'kubwezeretsa timizere tomwe tafufutika. Mapiko onse awiri muyeze ndi katoni kamodzi komweko.

Mukamaliza yang'ananinso kumchira. Timapiko takumbuyo tikhale togona, ndipo zipsepse ziwiri zija ziime chilili.

Pali ndege za Lancaster zomwe zidakalipo. Ndingangotengera zithunzi zake?

Zimathandiza kwambiri pa kaonekedwe ka thupi ndi mmene zitsulo zinalumikizirana, koma pa tinthu ting'onoting'ono chenjerani. Zomwe zimaulukabe ndi ziwiri: PA474 ya Battle of Britain Memorial Flight ku Coningsby, ndi FM213 ya Canadian Warplane Heritage Museum ku Hamilton. PA474 inapangidwa mu 1945 ndipo sinamenye nawo nkhondo. Lero ili ndi zowongolera za oyendetsa awiri, pomwe ya pankhondo inali ndi woyendetsa mmodzi. Matayala ake ali ndi mizere, pomwe a nthawi ya nkhondo ambiri anali osalala. Ilinso ndi tizipangizo ta wailesi tamakono, ndipo penti yake imawala chifukwa imasamalidwa ngati mwana. Zilembo zomwe ndege ziwirizi zimavala n'zokumbukira ndege zina.

Zomwe zinamenyadi nkhondo ndi monga R5868, yotchedwa S for Sugar, ku RAF Museum ku London, yomwe inapita maulendo 137, ndi W4783, G for George, ya Australian War Memorial ku Canberra. Koma ngakhale izi zinakonzedwapo kangapo nkhondo itatha. Chithunzi chimodzi chosaoneka bwino cha mu 1943 cha ndege yanuyo chimaposa zithunzi zana zowala za m'nyumba yosungiramo zakale. Imperial War Museums ndi Australian War Memorial anaika zithunzi zambiri za nthawiyo pa intaneti, ndipo mutha kufufuza ndi nambala ya gulu.

Mkati ndilimbikiremo mpaka pati?

Mpaka pomwe diso lingafike. Pansi pa galasi lalikulu la woyendetsa pamaoneka zambiri, ndiye pamenepo ndi pamphuno ndi poyenera kutayapo nthawi. Woyendetsa amakhala kumanzere pampando wokwera, ndipo kumbuyo kwa mutu wake kuli chitsulo chomuteteza chokhala ndi kabwalo kachikasu. Kumanja kuli kampando kopinda ka injiniya. Pali kachitsulo kogwirira kachikasu kotsikira kumphuno. Kumbuyo kwawo kuli tebulo la woyang'ana njira, kenako wa wailesi. Malamba a pampando mutha kudula ku tepi ya pepala kapena ku kachitsulo kopyapyala kotsekera chitini cha mkaka waufa.

Mkati mwa thupi munali penti yobiriwira motuwa, ngati Humbrol 78, koma kutsogolo kwa ndege zambiri kunali kwakuda. Kuseri kwa phiko, mukangotseka thupi, simudzaonanso kanthu. Pakani mtundu umodzi n'kupitirira.

Magalasi ndi mfuti zimandivuta. Pali njira?

Lancaster wamba inali ndi tinyumba tagalasi titatu tozungulira momwe munkakhala mfuti, tomwe amatitcha turret. Yapamphuno, FN5, inali ndi mfuti ziwiri za Browning .303. Yapamsana, FN50, ziwirinso. Yakumchira, FN20, zinayi. Chakumapeto kwa nkhondo ndege zina zinalandira turret yakumchira ya mfuti ziwiri zikuluzikulu za .50, monga ija yopangidwa ndi Rose Brothers ku Gainsborough. Ndege zoyambirira kwenikweni zinalibe kampanda kozungulira turret yapamsana, komwe kanabwera pofuna kuti wowombera asalase mchira wa ndege yake yomwe. Ndipo owombera akumchira ambiri ankachotsa galasi lapakati kuti aziona bwino usiku, ngakhale kuzizira kunali koopsa. Ngati chithunzi chikuonetsa choncho, dulani galasilo.

Mfuti za m'bokosi pafupifupi nthawi zonse zimakhala zonenepa. Kubowo kwa mfuti ya .303 ndi mamilimita 7.7, kutanthauza 0.1 mm pa 1/72. Master ya ku Poland imapanga mipope ya mkuwa, Quickboost ya resin. Ngati mulibe, kawaya kowongoka kopyapyala kamaoneka bwino kuposa pulasitiki wonenepa. Mfutizo muziike pamapeto penipeni, apo ayi zidzathyoka.

Pomata galasi musayerekeze kugwiritsa ntchito supagulu, chifukwa nthunzi yake imayeretsa galasi ngati nkhungu. Guluu woyera wa akalipentala ndi wokwanira, ndipo akauma saoneka. Popenta mafelemu, yambani ndi mtundu wamkati, kenako wakunja pamwamba pake, kuti woyang'ana kudzera m'galasi aone mtundu woyenera. Eduard imagulitsa timatepi todula kale tophimbira magalasi. Pa Lancaster, yomwe ili ndi timagalasi tambirimbiri, ndi chinthu chimodzi chomwe ndinganene kuti ndalama yake siipita pachabe.

Timizere ndi timisomali ta pathupi: ndichotse kapena ndionjezere?

Makiti akale, monga a Airfix a zaka za m'mbuyo, ali ndi timisomali totukuka tikulutikulu. Tipaleni pang'ono ndi sandipepa yosalala mpaka titsale ngati chithunzithunzi. Makiti atsopano ali ndi timizere tolowa, nthawi zina tozama mopitirira. Musatithire penti yakuda, mungotionjezera kukula. Chofunika kwambiri ndi kufufuta msoko wa pamsana ndi pamimba pomwe mbali ziwiri za thupi zakumana, chifukwa ndege yeniyeni inalibe msoko wotero.

Mitundu yoyenera ya penti ndi iti?

Pamwamba ndi Dark Earth (bulauni) ndi Dark Green (wobiriwira moderako). Pansi, m'mbali ndi zipsepse zakumchira ndi Night (wakuda). Malire a wakuda amadutsa m'mwamba ndithu m'mbali mwa thupi, mowongoka. Ambiri amagwiritsa ntchito Humbrol 29 pa Dark Earth, ndi Tamiya XF-81 kapena Humbrol 163 pa Dark Green. Malire a bulauni ndi wobiriwira akhale akuthwa kapena ofewa pang'ono chabe. Kufewa kwa mamilimita awiri pa kiti ndi masentimita 14 pandege.

Wakuda ndiye amapusitsa anthu. Night sinali yakuda bii, munali kabuluu pang'ono, ndipo kanthu kakang'ono kakapakidwa wakuda weniweni kamaoneka ngati khala, tsatanetsatane yense n'kubisika. Tamiya XF-69 kapena XF-85, kapena wakuda wothira kadontho ka wotuwa, amaoneka bwino. Wakuda weniweni musungire mkati mwa malo olowa matayala ndi mabowo.

Ndege zomwe ankazikonzera kukamenya nkhondo ku Far East mu 1945 zinali zoyera pamwamba, zakuda pansi.

Utsi wa pamapiko ndiujambule bwanji?

Apa ndi pomwe Lancaster imadziwikira, ndipo ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Injini iliyonse ya Merlin imatulutsa utsi mbali zonse ziwiri, ndiye munthu amaganiza kuti pamwamba pa phiko lililonse payenera kukhala mizere inayi. Zithunzi za nthawi ya nkhondo zimaonetsa itatu. Chifukwa cha kukwera kwa phiko kuja, utsi wa mbali yakunja ya injini yakunja umadutsa pansi pa phiko.

Mtundu wakenso si wakuda wokha. Mafuta a ndegezi anali ndi mtovu, ndipo pa ulendo wautali injiniya ankachepetsa mafuta olowa mu injini, zomwe zinkasiya utsi wotuwa ngati phulusa. Choncho yambani ndi mzere wabulauni woderako, wotambalala, kenako pakati pake ikani wotuwa wopyapyala. M'mbali mwa injini, pa penti yakuda, wotuwayo amaoneka kwambiri. Simufunika airbrush, kachida kopopera penti ndi mpweya. Palani choko cha pastel kuti chikhale ufa, n'kupaka ndi burashi youma kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, pang'onopang'ono. Kumbukiraninso kuti ndege zouluka usiku zinali ndi zophimba pa mapaipi a utsi kuti malawi asaoneke. Ndipo ndege yomwe yangopita maulendo asanu isade ngati ya maulendo zana.

Nanga zilembo ndi zizindikiro?

Kuyambira chapakati pa 1942 zilembo zinakhala za Dull Red, wofiira wozimirira ngati njerwa yootcha. Ma decal, timapepala tomata ta zilembo ndi zizindikiro, ena amabwera ofiira ngati tomato, ndipo amawononga ndege yonse. Nthawi yomweyo chizindikiro cha m'mbali chinasintha n'kukhala cha mizere yoyera ndi yachikasu yopyapyala. Pamwamba pa mapiko chizindikiro n'chofiira ndi chabuluu basi, ndipo pansi pa mapiko panalibe. Onani bwino dongosolo la zilembo mbali zonse ziwiri, chifukwa magulu sankalemba mofanana kumanja. Xtradecal ili ndi mapepala a ndege zambiri ngati ya m'bokosi si yomwe mukufuna.

Decal imafuna pamalo posalala. Pa penti yosawala mpweya umatsekeredwa pansi pake, n'kumaoneka ngati siliva, makamaka pa wakuda. Pakani vanishi wowala, matani, kenako vanishi wosawala pamwamba.

Ndiike mabomba ati?

Chipinda cha mabomba chinali chotalika mamita 10 chopanda chotchinga pakati, n'chifukwa chake Lancaster inkanyamula zomwe ndege zina zinkalephera. Katundu wofala anali bomba limodzi la mapaundi 4,000 lotchedwa Cookie, looneka ngati mgolo wautali wopanda mchira, pamodzi ndi mabokosi a timabomba toyatsa moto. Mabomba okulirapo ankafuna zitseko zotupa. Grand Slam ya mapaundi 22,000, yomwe inayamba kuponyedwa mu Malichi 1945, inkanyamulidwa ndi B.I Special yochotsedwa zitseko. Mabombawa ankasungidwa panja, ndiye akhale obiriwira moderako, othimbirira, osafanana ndendende.

Ndege yodzaza inkalemera pafupifupi matani 30. Palani pansi pa matayala pang'ono kuti aoneke kuti asenza katundu.

Ndikufuna ya 617 Squadron yomwe inaphulitsa madamu a ku Germany. Chosiyana n'chiyani?

Usiku wa pa 16 kucha pa 17 Meyi 1943 ndege 19 zinanyamuka, motsogozedwa ndi Guy Gibson mu ED932, AJ-G. Zinali B.III zosinthidwa mwapadera: zopanda zitseko za mabomba, zopanda turret yapamsana, zokhala ndi mikono iwiri yogwira bomba la Upkeep lomwe anakonza Barnes Wallis, ndi lamba wolizungulitsa. Zinalinso ndi nyali ziwiri pansi zothandiza kuuluka pa mamita 18 pamwamba pa madzi. Ndegezi zinali zatsopano, choncho utsi ndi kukalika kwa penti zikhale zochepa. Madamu a Möhne ndi Eder anagumuka. Ndege zisanu ndi zitatu sizinabwerere, amuna 53 anafa, ndipo madzi anapha anthu opitirira 1,000 m'zigwa, ambiri mwa iwo akaidi ndi ogwira ntchito yokakamizidwa. Ndimaona kuti womanga ndege imeneyi ayenera kudziwa manambala onsewa, osati a penti okha. Mu Lancaster wamba munkakhala anthu asanu ndi awiri, ndipo Bomber Command, nthambi ya RAF ya ndege zoponya mabomba, inataya amuna 55,573 pa nkhondo yonse.

Kwathu kulibe sitolo ya zinthu zoterezi. Ndingathe popanda zogula zoonjezera?

Mungathe, ndipo zambiri zomwe ndatchula pamwambapa sizifuna kugula kanthu. Amene anakulira kupanga magalimoto a waya ali kale ndi manja ake. Sandipepa ya ku hadiweya yopalira galimoto, ya nambala 600 mpaka 1500, yonyowetsa ndi madzi, imagwira bwino. Chopalira zikhadabo chimalowa m'malo opanikiza. Timawaya ta m'chingwe chakale cha magetsi timakhala mapaipi a mabuleki. Supagulu wothira soda pang'ono amatseka mipata, koma mumupale msanga asanaumitsitse kuposa pulasitiki. Timitengo ta pulasitiki tomwe timagwira zidutswa m'bokosi musataye: mukatenthetsa kamodzi pamwamba pa kandulo n'kukoka, kamasanduka ulusi wopyapyala wopangira mawaya a wailesi. Chitani zimenezi pamalo popita mphepo.

Ndazindikira cholakwika nditamata kale. Ndiphwasule?

Zimadalira chomwe chalakwika. Mapulopela, matayala, mfuti ndi turret zimachoka mosavuta, sinthani. Timazenera ta m'mbali tomwe sitinayenera kukhalapo mutha kungotipaka penti, monga zinkachitikiranso pa ndege zina zenizeni. Decal yolakwika imachoka ndi tepi ngati simunapake vanishi pamwamba. Kapaipi koyezera liwiro, komwe pa ndege zoyambirira kanali pansi pa mphuno chakumanzere ndipo pa zobwera pambuyo pake kanasunthidwira m'mbali pamwamba pa chipinda cha mabomba, n'kongodula n'kumatanso.

Mapiko okha ndi ovuta penti ikauma, chifukwa kucheka kumafuna kupala ndi kupentanso gawo lonselo. Ngati ndi choncho, pali njira inanso musanagwire sowo: bwererani ku zithunzi, mwina zomwe mwamangazo zikugwirizana ndi ndege ina ya gulu lomwelo pa mwezi wina, ndipo chongofunika kusintha ndi chilembo chimodzi ndi nambala yakumchira. Koma ngati vuto ndi ngodya ya phiko, palibe Lancaster yomwe inali ndi mapiko ogona, ndiye tengani katoni kaja n'kucheka.